Chilembwe adavala chipewa ku London, kuno mwana wa mmphawi akuvulabe

Nkhani ya lero ena aiona ngati yachibwana. Adzati ufa wakwera, feteleza sagulika, kuchipatala kulibe mankhwala, iwe ukutiuza za ng'oma ndi ziboliboli? Ndikupemphani mudekhe, muwerenge mpaka kumapeto. Ndikufuna kukamba za tsankho, ndipo tsankho ndi limodzi mwa zinthu zimene tidakana pa 14 June 1993, tsiku lomwe tidasankha nyali n'kusiya tambala wakuda.

Mu September 2022, pabwalo la Trafalgar Square pakati pa mzinda wa London, adavundukula chiboliboli cha Mbusa John Chilembwe. Adachikonza ndi Mmalawi mnzathu, Samson Kambalu, ndipo chidakhala pamenepo mpaka 2024. Kambalu adatengera chithunzi chojambulidwa mu 1914, pomwe Chilembwe adaima ndi mnzake wachizungu, mmishonale John Chorley, pakhomo pa tchalitchi chake ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Pachithunzipo Chilembwe wavala chipewa. Akuluakulu akudziwa tanthauzo lake. Masiku amenewo munthu wakuda akakumana ndi mzungu ankayenera kuvula chipewa, akapanda kutero ankaona zakuda. Pa chiboliboli chija Chilembwe ndi chimphona, chipewa chili kumutu, mzunguyo ndi wamng'ono pambali pake.

Tonse tidanyadira, ndipo kunyadako kudali koyenera. Koma tidzifunse, Kambalu adadzera njira iti? Adaphunzira ku Kamuzu Academy, kenako ku Chancellor College ku Zomba, kenako ku Mangalande, mpaka kukhala pulofesa ku yunivesite ya Oxford. Luso ndi lake, adalivutikira, ndipo palibe amene angamulande. Funso langa lili pa anzake obadwa nawo mu 1975, aja ankaumba ng'ombe zadothi kudambo ndi kupanga magalimoto amawaya oti chiwongolero chake chimakhotadi. Ali kuti lero? Iye mwini sabisa kuti luso lake amalitunga mu Gule Wamkulu, moti mafilimu ake aafupi adawatcha Nyau Cinema. Ndiye taonani zodabwitsa. Nyau ikadzera ku Mtunthama n'kuphunzira Chingerezi, imakafika ku London anthu n'kuiombera m'manja. Nyau yomweyo ikatsala ku Dedza, ife a m'tauni timati ndi zaumbuli.

Khoma limeneli silidamangidwe dzulo. Amishoni atafika ndi sukulu zawo adabweranso ndi muyeso wawo. Nyimbo ya m'buku yoimbidwa ndi kwaya idali ya Mulungu, ng'oma idali ya mdyerekezi. M'zaka za m'ma 1920 kudali kulimbana koopsa pakati pa amishoni ndi anyau m'chigawo chapakati, ndipo Mkhristu wopezeka kudambwe ankadulidwa mumpingo. Kumpoto vimbuza idaona zomwezo. Tisanamizane, amishoni adatichitira zabwino zambiri, ndipo ku Mua komwe kudali mkanganowo ndi kumene Bambo Claude Boucher adatsegula malo a Kungoni mu 1976, n'kuyamba kuphunzitsa amisiri osema ndi kusunga zigoba za gule mazanamazana. Koma mbewu idali itafesedwa kale. Mwana wa sukulu adakula akudziwa kuti munthu wophunzira ndi amene amachita manyazi ndi nzeru za agogo ake.

Titalandira ufulu mu 1964 tinkayesa kuti khomalo ligwa. A Ngwazi adangolikweza. Mu November 1981 adatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu, sukulu yotengera Eton ya ku Mangalande. Ana ochepa osankhidwa m'maboma ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki, ali ndi nyumba ya mabuku yaikulu, dziwe losambiramo ndi bwalo la gofu. Aphunzitsi adali azungu okhaokha, chifukwa mwini sukuluyo sankakhulupirira kuti Mmalawi angaphunzitse pamenepo. Chichewa chimene adakakamiza dziko lonse sichinkaloledwa pasukulupo, ndipo iye mwini pamisonkhano ankalankhula Chingerezi, wina n'kumatanthauzira. Nthawi yomweyo ana a dziko lonse ankaphunzira atakhala pansi, ena pansi pa mtengo, akulimbirana buku limodzi.

Kwa ana a anthu wamba a Ngwazi adasiya khomo lina la luso, lomwe ndi kuvina pamaso pawo. Amayi athu, amene ankatchedwa mbumba, ankakwezedwa m'malole, kusiya minda, ana ndi odwala, kukayeserera magule masiku angapo kuti akavine pabwalo la Kamuzu Stadium. Wokana ankadziwa chimene ayufi ndi apayoniya akamuchite. Amayi amenewo adapeka nyimbo zosawerengeka, zina zokoma moti mpaka pano zimabwera zokha pakamwa ngakhale kwa ife amene tidadana ndi mawu ake. Ndani angatchule dzina la mayi mmodzi amene adapeka nyimbo zimenezo? Palibe adalemba maina awo, palibe adawalipira. Chimtali, chioda, mganda, beni, ingoma, zonse zidasanduka zotamandira munthu mmodzi. Ndiye kuti mwana wosankhidwa ankaphunzitsidwa luso kuti adzakhale bwana, pamene mwana wa mmphawi luso lake linkabwerekedwa kuti likongoletse bwana.

Amene adayesa kugwiritsa ntchito luso lake mwaufulu adakumana ndi lamulo la 1968 lokhazikitsa bungwe la Censorship Board. Buku, sewero, filimu ndi nyimbo zinkayenera kudzera kumeneko. Adaletsa ngakhale nyimbo ya azungu awiri a ku America, Simon ndi Garfunkel, chifukwa choti dzina lake lidafanana ndi la Mama Cecilia Kadzamira. Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College, adatulutsa buku lake la ndakatulo mu 1981. Bukulo lidachotsedwa m'masitolo, ndipo mu September 1987 mwini wakeyo adatengedwa n'kukatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu mpaka May 1991. Chaka chomwecho cha 1968 chipani cha Kongeresi chidalamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi ndi m'manyuzipepala. Ife olemba ndi kuwerenga m'Chichewa tiyenera kuvomera mosabisa kuti pa tsankho limeneli tidali mbali yodyerera. Mlakatuli wa Chitumbuka, woimba wa Chisena, wopeka nthano wa Chiyao kapena Chilomwe adakhala zaka zoposa 25 ali ngati mlendo m'dziko lake lomwe. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto adalamulidwa kubwerera kwawo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Inu amene mudakhala kunja, makamaka ku Zimbabwe, mukudziwa nkhani ya ku Tengenenge. Mu 1966 mlimi wa fodya wachizungu, Tom Blomefield, zinthu zitamuvuta, adalimbikitsa antchito a pa famu yake kuti ayambe kusema miyala. Ambiri mwa antchitowo adali obwera kuchokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola. Pakati pawo padali Achewa ndi Ayao, anthu monga Lemon Moses, Amali Malola ndi Josia Manzi. Ziboliboli zawo zidagulidwa ku Ulaya ndi ku America, koma zidapita ndi dzina loti luso la Chishona. Anthu athu adapita kukathyola fodya, atapatsidwa mwala ndi chitsulo adasanduka akatswiri odziwika kunja. Luso adapita nalo kuchokera kuno. Chimene adasowa kwawo ndi munthu wowapatsa chida ndi malo. Zimbabwe idali ndi nyumba ya dziko yoonetsera zojambula ndi zosema kuyambira mu 1957. Ife mpaka tidafika m'matipate wosema wathu akuonetsera ntchito yake pa chiguduli m'mphepete mwa msewu, akuthamangira galimoto ya mzungu.

Tsono tidavota mu May 1994, boma lidasintha. Tinene zoona, zina zidasinthadi. Chitumbuka chidabwerera pa wailesi ya MBC mu 1994, ndipo Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga zidatsatira mu 1996. Sukulu ya pulayimale idakhala yaulere, ana adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Koma amayi aja adangosintha nsalu. Adavula ya nkhope imodzi n'kuvala yachikasu, kenako yabuluu, kenako yalalanje, akuvinabe padzuwa kuti apatsidwe kangachepe kogulira mchere. Woimba Evison Matafale adamwalira ali m'manja mwa apolisi mu November 2001. Mu December 2011 apolisi adagwira Thlupego Chisiza, mwana wa malemu Du Chisiza Jr, chifukwa choonetsa sewero lotchedwa Semo popanda chilolezo cha bungwe lomwe lija la 1968. Zaka 17 chiyambire demokalase, ndodo ya a Ngwazi idali ikadagwirabe ntchito. Malo a French Cultural Centre ku Blantyre, komwe magulu azisudzo ankadalira, Afalansa atachoka adagwera m'manja mwa boma, ndipo akuba adawasasula boma likuyang'ana.

Tiyeni tipite kusukulu, chifukwa tsankho la mawa likuumbidwa kumeneko. Pa pepala zinthu zili bwino. Kuyambira mu 2007, pomwe maphunziro a pulayimale adakonzedwanso, ana amaphunzira phunziro lotchedwa Expressive Arts, lomwe muli kuimba, kuvina, kujambula, kuumba, kusoka ndi masewera. Tsiku lina ndili kumudzi ndidatsegula kope la mdzukulu wanga wa Sitandade 6. Adali atakopera m'Chingerezi mndandanda wa mitundu ya zida zoimbira, zina zoomba, zina zouzira, zina za zingwe, ndipo adauloweza bwinobwino. Nditamufunsa ngati adagwirapo chida chilichonse m'kalasi adaseka. Mtunda wosakwana kilomita imodzi kuchokera pasukulupo pali mkulu wina amene amasema ng'oma ndi kukunga yekha, ndipo midzi yonse yozungulira imabwera kwa iyeyo. Sadaitanidwepo m'kalasi ndi tsiku limodzi lomwe, poti alibe satifiketi. Aphunzitsi sindikuwadzudzula. Munthu mmodzi ali ndi ana oposa 100, alibe pepala, alibe utoto, ndipo mayeso a Sitandade 8 amafunsa luso pa pepala, osati m'manja. Mphunzitsi wanzeru aphunzitsa chimene chidzabwere pamayeso. Pamene izi zili chonchi, m'sukulu zolipira ndalama zankhaninkhani za ku Blantyre ndi Lilongwe mwana ali ndi chipinda chojambulira, mphunzitsi wa nyimbo ndi piyano. Ana awiriwa ndi a dziko limodzi, ndipo tsiku lina tidzawauza kuti apikisane mwachilungamo.

Amene wapirira zonsezi amakapeza chipata chotsekedwa ndi loko wa Chingerezi. Kuti mwana alowe ku yunivesite ya boma amafunika makirediti 6 pa mayeso a MSCE, ndipo imodzi iyenera kukhala ya Chingerezi. Lamuloli silisankha kuti ukukaphunzira zamalamulo kapena ukukaphunzira kuomba ng'oma. Ku Zomba kuli maphunziro a zojambula, nyimbo ndi zisudzo. Ku yunivesite ya MUST ku Thyolo, yomwe idatsegulidwa mu 2014, kuli sukulu ya zachikhalidwe yophunzitsa nyimbo za Chiafirika. Zonsezi n'zabwino. Koma mnyamata amene angamve mangolongondo kamodzi n'kuwaimba osaphonya, akalakwa galamala ya Chingerezi saponda pakhomo pa sukulu yophunzitsa mangolongondo. Kodi zimenezi n'zanzeru? Mu 1996 boma lidalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo chawo, koma lamulo la maphunziro la 2013 lidabweza Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. Mpikisano wa zisudzo wa m'sukulu za sekondale umene udatchuka kwa zaka zambiri udali wa bungwe la ATEM, lomwe cholinga chake ndi kuphunzitsa Chingerezi. Udatulutsa akatswiri, sitikana. Koma amene ankadzaza maholo, anthu n'kuseka mpaka misozi uku akumva choonadi, adali a Kwathu Drama Group, Izeki ndi Jakobo, m'Chichewa cha pamsika. Ophunzira athu ankati zimenezo ndi nthabwala chabe, zisudzo zenizeni ndi za m'Chingerezi. John Nyanga adamwalira mu 2016, Eric Mabedi mu 2021, ndipo matamando ambiri tidawapereka pamaliro.

Chinanso chochititsa manyazi n'chakuti waluso wosauka timamuzindikira pokhapokha mlendo akamuloza. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka adajambulidwa ndi kutengeredwa kunja ndi katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, amene adakumana nawo mu 1967. Allan Namoko wa ku Thyolo, munthu wosaona amene banjo yake idalira m'nyumba iliyonse yokhala ndi wailesi, adamwalira mu 1995 ali wosauka. Bungwe la COSOMA lotolera ndalama za oimba lidayamba mu 1992, iye atatsala ndi zaka zitatu zokha. Chimbale choyamba cha ku Malawi kulowa m'gulu lopikisana pa mphoto ya Grammy, mu 2016, chidaimbidwa ndi akaidi ndi asilikali a ndende ya Zomba, ndipo adakachijambula ndi Ian Brennan wa ku America. Lazarus Chigwandali, munthu wachialubino, ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi gitala yake yopanga yekha, ife n'kumadutsa, mpaka alendo adamujambulira chimbale chomwe chidatuluka mu 2019. Agogo Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, adadikira mpaka zaka 90 kuti mafoni a dziko lonse lapansi awadziwe. Onani anthu amenewa: wosaona, wachialubino, mkaidi, nkhalamba ya kumudzi. Onse ndi anthu oti chipata cha sukulu zathu sichikadawalola, ndipo onse adatchukitsa dziko lino kuposa nduna zambiri zimene zidakhala pa mpando wa zachikhalidwe.

Tsono ndibwerere kwa uja adati luso sitidya. Mbale wanga, ulipo mtundu wa anthu umene umadya luso lathu. Bungwe la UNESCO lidalemekeza Gule Wamkulu ndi vimbuza mu 2005, zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza mu 2006, tchopa mu 2014, mwinoghe mu 2018. Pa zonsezi pamakhala misonkhano m'mahotela a kunyanja, maulendo apandege ndi maalawansi. Wovina tchopa ku Phalombe amaitanidwa bwana akabwera, amavina fumbi koboo, amapatsidwa botolo la Fanta, n'kubwerera wapansi. Wosema wa ku Mua kapena ku Nkhata Bay amagulitsa mpando wa mfumu pa mtengo wongopezera chakudya cha tsikulo, wogulayo n'kukaugulitsa kunja mtengo wowirikiza. Luso ndi ntchito ngati ulimi wa fodya, ndipo monga pa fodya, wokhetsa thukuta ndiye amatsala wopanda kanthu. Komanso musaiwale kuti pa nthawi imene anthu ankaopa kutsokomola, nyimbo, ndakatulo ndi zisudzo zokuluwika ndi zimene zidatiyankhulira. Kaseti za Lucius Banda wa ku Balaka zidanena zimene zidali m'mitima ya anthu osauka pomwe aphungu adali chete.

Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 20, amaletsa kusala munthu chifukwa cha chiyankhulo, mtundu, ulumali, chuma kapena kukhala mkazi. Gawo 26 limapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chiyankhulo chake ndi kutenga mbali pa chikhalidwe chimene wasankha. Mawu amenewa anthu adawafera ku Mikuyu, ku Dzeleka ndi m'mayiko aeni. Ndiye sitikupempha chifundo, tikulonjerera ngongole.

Choyamba, sukulu za boma zophunzitsa nyimbo, zisudzo ndi zojambula zitsegule chipata chachiwiri. Mwana aonetse luso lake pamaso pa akatswiri, akapambana alowe, Chingerezicho akachiphunzire ali m'kati. Chachiwiri, luso pa mayeso a Sitandade 8 ndi a MSCE liziyesedwa m'manja ndi pakhosi, chifukwa chosabwera pamayeso sichiphunzitsidwa. Chachitatu, amisiri a m'midzi, osema, oumba mbiya, oluka mphasa, oomba ng'oma, amayi ndi abambo, azilowa m'kalasi ngati aphunzitsi ndipo azilipidwa. Zimenezi sizifuna ndalama zakunja, dothi ndi bango zili kuseri kwa sukulu. Chachinayi, mpikisano uliwonse wa ana asukulu uzilola Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitonga, Chinkhonde ndi Chichewa pa mlingo umodzi ndi Chingerezi, ndipo mwana wolumala asatsalire chifukwa cha masitepe a holo. Chachisanu, chipani chilichonse chofuna amayi ovina chiziwalemba ntchito poyera ndi malipiro odziwika, apo ayi atsogoleriwo azivina okha. Chomaliza, boma lililonse ku Nsanje mpaka ku Chitipa likhale ndi holo imodzi yomwe gulu la achinyamata lingachitiremo sewero popanda kugwadira bwanamkubwa wa chipani.

Wina asanene kuti n'zosatheka. Mu 2014 mlakatuli wothawa nkhondo ku Congo, Menes la Plume, adayambitsa chikondwerero cha Tumaini mkati mwa kampu ya Dzaleka ku Dowa, malo omwe aja adali ndende ya a Ngwazi. Kulowa kudali kwaulere, ndipo anthu zikwizikwi ankapitako. Ngati munthu wopanda dziko, wopanda chiphaso, adakwanitsa zimenezi, boma lokhala ndi unduna, bajeti ndi magalimoto lingalephere bwanji?

Kwa inu amene mudabwerako ku Lusaka, Dar es Salaam, Harare ndi London, mudaona ndi maso anu mmene eni ake amasungira akatswiri awo. Ana anu ambiri ali m'sukulu zokhala ndi piyano. Palibe cholakwa pamenepo. Koma mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mawu anu amamveka m'maofesi momwe mawu a wosema wa m'mbali mwa msewu safika. Kwa ife a m'tauni, tisiye khalidwe lonenerera mtengo wa chiboliboli mpaka mwini wake atagwetsa nkhope, kenako n'kukalipira mosawiringula pa chithunzi chapulasitiki chochokera ku China.

Chilembwe adakana kuvula chipewa mu 1914, ndipo patatha chaka adaphedwa. Nkhope yake tidaiika pa ndalama, tsiku lake timapuma pa 15 January chaka chilichonse. Koma mwana wa ku Mbombwe komweko, akafuna kuphunzira luso la makolo ake m'sukulu ya dziko lake, timamuuza kuti ayambe wavula chiyankhulo chake pakhomo. Aphungu amene mudawasankha akabwera kudzapempha voti, ng'oma zikulira, amayi akuvina, afunseni kuti woomba ng'omayo mwana wake adzaphunzira kuti.